Timitengo ta Nsanza Zofiira

Wassillie Ayojiak ndiye anapha mwamuna wanga Evon, msuweni wake weniweni. Ndanena zimenezi kutchalitchi, kusitolo ndi pamaso pa ana ake. Sanagwire mfuti ayi. Anazula timitengo tolozera njira pamtsinje woundana.

Timitengo timeneto tinali ndi nsanza zofiira kunsonga. Ndinang'amba ndekha diresi langa lakale. Popanda ito, chipale chofewa chikayamba kuwomba ndi mphepo sudziwa pomwe ayezi ndi wolimba.

Tsiku limenelo kunacha kowala. Ine ndi Evon tinakangana chifukwa nkhuni zinali zitatha, ndipo kuno kulibe mitengo, nkhuni timatola zobwera ndi madzi. Ndinamuuza kuti mwamuna wolephera kufunditsa nyumba aposedwa ndi galu. Anatuluka, ndipo patapita nthawi ndinamva akugwetsa zinthu pakhonde, n'kuliza njinga yake yamoto yoyenda pachipale kupita kumisampha ya nsomba. Masana mphepo inatembenuka. Pobwerera analowa m'madzi pamodzi ndi njingayo.

Mawa lake mng'ono wanga Anecia anaona Wassillie pamtsinje, chileyi chake chitadzaza timitengo. Ndinakamutsekera njira pakhomo pa sitolo.

"Iwe, nyumba yako ikufunda bwino ndi nkhuni za maliro?"

"Alamu, pitani mukapume," anatero, maso ali pansi.

Sindinapume. Ndinapita pomwe amatchera ukonde pansi pa ayezi, ndinaukoka, ndinauduladula ndi mpeni wanga wotumbulira nsomba. Ana ake asanu akhala akudya zopempha nyengo yonse yozizirayi. Atabwera ndi nyama ya katumbu wa m'nyanja, monga amachitira kwa amasiye, ndinaiponyera agalu iye akuona. Anatembenuka n'kumapita. Anthu amati ndapenga. Ine ndinkagona tulo tabwino.

Pamaliro anthu anandiunjikira nkhuni pakhonde, mulu wofika m'chiuno. Mulu umenewo watha dzulo. Pansi pake ndapeza timitengo khumi ndi tinayi, tomangidwa ndi chingwe cha Evon, mfundo yake yomwe ija yomanga ndi dzanja lamanzere. Nsanza za diresi langa zikadali kunsonga.

Lero Anecia akuti ta m'chileyi cha Wassillie tinalibe nsanza. Tinali tatsopano, Wassillie amakatizika m'malo mwa tozulidwa tija.

Inu amene mukuwerenga, musandiuze zopuma. Mpeni ndaunola kale. Ndiyankheni, ndikadule ukonde wa ndani?