Mapiritsi a Lifa

Kuyambira m'chaka cha 2058, aliyense wokwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri amakayankha mafunso a makina kuchipatala mwezi wa Ogasiti. Akalephera, dimba lake limapita kwa mphwake.

Nankhoma anadabwa kuona Lifa, mphwawo wa amuna ake a Dzoole, mwana wa mlongo wawo, munthu wosafika ndi pamaliro pomwe, atayamba chikondi mu Julayi. Tsiku lililonse ankabwera ndi mapiritsi a chimfine ndi ogonetsa.

"Imwani malume, thupi lipumeko."

Posakhalitsa a Dzoole anayamba kuthirira anyezi kawiri, kabichi n'kumuiwala. Zimenezo Nankhoma anapirira. Koma atamuitana ndi dzina la mkazi wawo woyamba, anamanga mapiritsi onse pachitenje n'kupita nawo kwa namwino.

"Awa amasokoneza mutu wa okalamba," anatero namwinoyo, n'kusiyapo a kuthamanga kwa magazi okha.

Tsiku la mafunso Lifa anakhala pabenchi, khasu latsopano lili pambali.

"Mwakhoza," anatero makina. "Tsopano tchulani mphwanu wodzatenga dimba mukadzamwalira."

A Dzoole anamuyang'ana Lifa kuyambira kumutu mpaka kukhasu.

"Ameneyo ndiye ndamuiwala."