Khadi la Ba Clementina

Panali munthu wina ku Dambwa North kuno ku Livingstone, dzina lake Clementina Zulu. Amene anandiuza nkhaniyi ndi munthu wa tchalitchi chawo, ndipo mpaka lero ikundiwawa.

Clementina ankagwira ntchito pa kampani ina yokonza mapepala a mathiraki odutsa pa boda. Kuti alowe pa webusaiti yotumizira mapepalawo, aliyense anali ndi khadi lake lokhala ndi katchipi. Umalilowetsa m'kamakina ka pambali pa kompyuta, n'kulemba pini, webusaiti n'kuona satifiketi ya m'khadimo kuti ndi yako, basi yatseguka. Malambo, yemwe ankayang'anira makompyuta, anawachenjeza tsiku lowapatsa makhadiwo.

"Pasiwedi munthu angakubereni, koma khadi iyi sikopeka. Ikatsegula, ni imwe mwatsegula. Musapatse munthu, olo mwamuna wanu."

Anaseka onse, ati Ba Malambo amakonda kuopseza anthu.

Lachinayi lina kunabwera uthenga woti azakhali a Clementina amwalira ku Katete. Azakhali amenewa ndi amene anamulera makolo ake atatsikira kulichete, anamuphunzitsa ndi ndalama za zitumbuwa. Anaimbira bwana wake, yemwe sabata imeneyo anali ku Lusaka. Bwanayo anakana kwamtuwagalu, ati tchuthi cha maliro n'cha kholo, mwana kapena mwamuna, azakhali mulibemo, ndipo akajomba asabwererenso. Koma inu, munthu angasiye kuika mayi amene anamulera? Kumudzi akanamuyesa chiyani?

Apa mpamene anabwera Mwangelwa, mnzake wa desiki loyandikana, amene ankadya naye mbale imodzi masana ndi kumutchula kuti sisi. Anamupukuta misozi.

"Pitani mukaike amayi, Ba Clementina. Nisiyileni khadi na pini, na foni ya nchito. Bwana akayang'ana azaona muli pa nchito."

Clementina anathokoza mpaka kugwada. Pini anamulembera kuseri kwa lisiti. Anakwera galimoto ya msuweni wake, tikiti panalibe. Foni yake anaithimitsa. Ku maliro anafunda chitenje kumutu, wina akatulutsa foni iye n'kubisala kuseri kwa amayi ena, kuopa kuti chithunzi chingafike kwa bwana. Anapempha abale kuti asamutchule pa Fesibuku. Anabisala bwino kwambiri mayi uja, mwatsoka lake.

Lolemba anabwerera, khadi analipeza mu dirowa, bwana osadziwa kanthu. Anamugulira Mwangelwa chitenje chatsopano ku msika wa Maramba.

Patatha masabata atatu apolisi anafika pa ofesi. Thiraki ina inagwidwa itadzaza mitengo ya mukula yoletsedwa, pomwe mapepala ake ankati yanyamula gaga. Mapepalawo anatumizidwa Lachisanu la maliro lija, leveni koloko m'mawa, ndi khadi la Clementina Zulu. Nthawi imeneyo n'kuti iye akuponya dothi m'manda a azakhali ake.

Poyamba Clementina anati mwina ndi akuba a pa intaneti. Malambo anaitanidwa ndipo ananena zoona zokhazokha, kuti kiyi yachinsinsi yosungidwa m'khadi situluka, kuti khadi lenilenilo linali m'kamakina, ndi kuti pini inalembedwa kamodzi kokha osalakwitsa. Ndiye Clementina anaulula zonse, kuti anali ku Katete. Anamufunsa tikiti, analibe. Chithunzi, panalibe ngakhale chimodzi. Foni ya ntchito inaonetsa kuti sinachoke mu Livingstone, ndipo inali itayankha bwana kuti ndili pa desiki. Nkhani itafika kukhoti, amalume ake anabwera kudzachitira umboni, koma woimira boma anangowafunsa ngati pali malume amene sanganamire mwana wa mlongo wake.

Kenako anaimirira Mwangelwa, atavala chitenje chomwe chija. Analira misozi yeniyeni, mfiti ya mkazi! Anagwira Baibulo nati:

"Ba Clementina ni sisi wanga, koma siningakwanise kunama. Pa Chisanu ninabaona pa desiki yao. Khadi yao sininaigwirepo."

Clementina anakuwa m'khoti mpaka mawu anatha. Palibe anamumva. Umboni wonse womumanga anali ataukonza yekha ndi manja ake, pofuna kupusitsa bwana. Anamupatsa zaka zisanu kundende. Mwamuna wake sanadikire ndi chaka chomwe, anatenga mkazi wina ku Malota, ana awo awiri anawatumiza ku Katete, kunyumba ya malemu komwe kulibenso wowalera.

Mwangelwa lero ndiye wakhala pa mpando wa Clementina, ndipo wamanga nyumba ya mpanda. Khadi lake amalikoleka m'khosi mkati mwa bulauzi. Amapita nalo ndi kuchimbudzi komwe.

Phunziro: Khadi lako la ntchito ndi dzanja lako. Ukalipereka pamodzi ndi pini, chilichonse chimene mnzako achite wachita ndiwe, ndipo kompyuta siidziwa kuti unali ku maliro. Bola kukangana ndi bwana maso ndi maso kusiyana n'kusiyira khadi munthu wokutchula sisi. Tumizani ku magulu onse amene mulimo, makamaka kwa aja amamata pini pansi pa kiyibodi.