Madisiki Asanu ndi Atatu

Chiyambire ntchito, bwana wamkulu anali asanapondemo m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a ofesi yonse. Lachisanu masana analowamo, n'kutseka chitseko, n'kuima kumbuyo kwa Mayi Mawaya.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a mu ofesi, poti mayiwa ndiwo ankasamala makompyuta onse. Kwa zaka zitatu anakhala akulemba makalata opempha chilolezo choti akonzenso madisiki asanu ndi atatu a mu seva, momwe munkasungidwa mafayilo a aliyense amene analembedwapo ntchito pamalopo. Makalatawo ankangogona m'dirowa ya bwana. Koma Lachitatu bwana anasaina mwadzidzidzi, n'kulamula kuti ntchitoyo ithe sabata yomweyo.

Pa sikirini panali mdima ndi timalemba toyera basi. Mayi Mawaya ankalemba malamulo mzere ndi mzere, uku akufotokoza. Anati madisikiwo awamanga awiriawiri, kuti cholembedwa pa imodzi chizilembedwanso pa inzake, ngati mapasa ovala zofanana. Kenako magulu anayiwo awalumikiza akhale nkhokwe imodzi yothamanga. Disiki ina ikadzafa, inzake izidzapitiriza ntchito ngati sipanagwe maliro.

Bwana ankagwedeza mutu ngati akumva. Pamisonkhano ankadzitcha bambo wa luso lamakono, ngakhale uthenga wa pa kompyuta ankachita kuwasindikizira papepala kuti awerenge.

Atafika pa lamulo lomaliza, makina anachenjeza kuti zonse zimene zili pa madisikiwo zifufutika.

"Zonse?" anafunsa bwana.

"Zonse, bwana. Makalata ofunsira ntchito, malikisi a mayeso, chilichonse."

Kachipindako kankazizira ngati firiji, koma kolala ya bwana inali itanyowa ndi thukuta. Anafunsa ngati katswiri wina angathe kudzazibweza zikafufutika. Mayi Mawaya anati ngakhale amene anapanga makinawo sangathe. Bwana anafunsanso kachiwiri, ndipo yankho silinasinthe.

Mayiwa anamva chisoni. Zaka zonsezi ankawayesa munthu wosalabadira kanthu, kani mtima wawo unali pa mafayilo a anthu awo chonchi. Anawafunsa mwaulemu ngati ayambe aima kaye.

"Dinani," anatero bwana, atatsinzina.

Mayiwa anadina. Timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira pa madisiki onse. Bwana anapuma mpweya wautali, n'kumasula tayi, n'kunena kuti ofesi imafunika anthu olimba mtima ngati mayiwa. Anatchulanso zowakweza pa udindo.

Mayi Mawaya anaona kuti si bwino kumusiya munthu wamkulu ali ndi nkhawa mpaka Lolemba.

"Mtima m'malo, bwana. Dzulo ndinakopera zonse, osasiya ngakhale kafayilo kamodzi. Zina ndatumiza kale kulikulu monga mwa lamulo. Pofika mawa zonse zikhala zitabwerera muno, ndipo sizidzatayikanso."

Bwana anafufuza mpando, koma munalibe wina. Anakhala pa katoni ya mawaya. M'thumba la jekete lawo munali kalata yomwe anailandira Lachitatu m'mawa, yonena kuti Lolemba kukubwera ofufuza kudzaona mmene alamu awo asanu ndi mmodzi anakhozera mayeso a ntchito omwe sanalembe.