Anthu Anayi Opereka Magazi

Scholastica anaima padoko, pomwe asodzi a boti la amuna ake, a Jasten, ankasoka ukonde.

Mawu a adokotala a ku Lilongwe anali akadali m'makutu mwake. A Jasten ali ndi khansa kumapeto kwa matumbo, kotulukira chimbudzi. Mitsempha ya magazi ya a Jasten inayenda mosiyana ndi ya anthu ena, yazinga chotupacho. Popanda anthu anayi opereka magazi, opaleshoni sichitika.

Koma iye anali atauza mudzi wonse kuti ndi zilonda za m'mimba. Matenda a malo otere ungawatchule bwanji pamaso pa azibambo?

"A Tumbikani," anatero kwa wamkulu wa asodziwo, maso ali pansi, "anzanu aja sakudwala zimene ndinanena zija."

A Tumbikani anaika ukonde pansi.

"Mayi, musavutike kutchula. Miyezi itatu ku chilumba cha Mbenji mnzathuyu akudya choimirira, akusoka ukonde chogwada. Ife tinkangoyang'ana kumbali."

"Akufuna magazi. Anthu anayi."

Asodzi asanu ndi mmodzi anadzuka, nayamba kusasa mchenga m'makabudula.