Padi Yachiwiri

Tangoganizani: amuna awiri a imvi atamenyana pabalaza chifukwa cha gemu, chinathyoka n'chiyani?

Achimwene anabwera Loweruka monga mwa nthawi zonse, makina athu akale a gemu ali m'khwapa. Anawalumikiza ku TV, anauzira kaseti katatu, n'kundiponyera pamiyendo padi yachiwiri yoseweretsera gemuyo. Ine ndinali pa laputopu, mahedifoni kumutu, ndikusewera nkhondo pa intaneti.

Patapita nthawi anati, "Iwe, ndadikira mokwanira. Tiye, wogonja atsuka mbale."

"Iyi siimitsidwa, achimwene. Anzanga andichotsa m'timu."

"Anzako ati? Unawaonapo nkhope?"

"Zanuzo zinatha kalekale, akulu. Ndani akuuzirabe kaseti masiku ano?"

Anandizula mahedifoni mwamphamvu moti khutu linang'ambika, magazi n'kutsikira m'khosi. Ndinawakankhira patebulo. Anadzuka n'kundipatsa chibakera pakamwa. Tinagubuduzana pansi, chingwe cha padi chitatikulunga miyendo. Atayamba kundikanyanga pakhosi, ndinagwira dzanja lawo n'kulipotokola mpaka china chake chinalira kuti thyo.

Tonse tinalekana. Pa TV tianthu tathu tiwiri tinali chiimire, kutidikira. Ndinalavula magazi, ndinatseka laputopu, n'kutola padi yoyamba.

"Chabwino, tiyeni tisewere," ndinatero, ndikuwapatsa.

Anailandira ndi dzanja lamanzere, anaiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anaiika pansi.

TV sinasweke, ndipo makinawo akugwirabe ntchito mpaka lero. Chinathyoka ndi chala chachikulu cha achimwene cha kumanja, chija ankasindikizira mabatani.