Kapitawo Mvuu Alawa Dzuwa

Padangokhala, m'chilimwe china chotentha ngati ng'anjo, nyama zinkaumba njerwa m'mphepete mwa dziwe. Kapitawo wawo anali Mvuu, yemwe ankalamula ali m'madzi, atangotulutsa maso ndi mphuno.

Tsiku lina masana Bulu, wotuta dothi, anagwa n'kukomoka. Njiri, woponda matope, anamukokera patsinde pa mkuyu n'kumuwaza madzi mpaka anatsitsimuka. Mtima ukumuwawa, Njiri analunjika kudziwe.

"A Kapitawo, ntchito tizilawirira mamawa. Dzuwa likafika paliwombo tizipuma pamthunzi ndi kumwa madzi."

"Ulesi basi!" anatero Mvuu. "Ine sindikumva kutentha kulikonse."

"Tulukani muime nane pano," anayankha Njiri. "Mukapirira mpaka njerwa yaiwisi iyi iume, sitidzadandaulanso. Mukakana, ntchito yathera pomwepa."

Nyama zonse zinatula zikombole pansi. Mvuu, poopa manyazi, anatuluka monyang'wa. Njiri anaima naye maso ndi maso. Mchenga unkamuotcha ziboda, mutu ukuzungulira, koma mumtima anati, "Lero sindisuntha, zivute zitani."

Njerwa ija isanayambe n'komwe kuuma, khungu la Mvuu linayamba kung'aluka, thukuta lofiira lili chuchuchu. Anatembenuka, liwiro, n'kudziponya m'dziwe, khuvu!

"Muzipuma masana!" anafuula akupuma mwawefuwefu. "Mitsuko ya madzi izikhalanso pamthunzipo!"

Apo m'pamene Njiri anasuntha, nalowera kumthunzi akudzandira, anzake akumuombera m'manja.

Yanga yathera pompa, kaphuleni mbatata zisanapserere.