Chilango cha Oweruza

"Mukam'manga mwana wa mwini fakitale uja, mawa lomwe mukusamuka," anatero mlembi, akuika kalata patebulo. "Akuti akutayani ku khoti la kumapiri, kopanda magetsi kuja."

Oweruza sanadzutse mutu. Pa zaka makumi awiri ali pampandowo anali asanapindepo chigamulo, ndipo mnyamatayo anagundadi ndi galimoto mayi wogulitsa malasha n'kuthawa.

"Kumapiri?" anafunsa akuvala mkanjo wawo wakuda. "Alembadi choncho?"

"Changotsala n'chidindo, bwana. Ganizani bwino, mawondo anuwo si a zitunda."

"Mawondowo ndi anga. Tsegula chitseko."

M'khoti anawerenga chigamulo mosathamanga, maso ali pa bambo wa mnyamatayo: zaka zisanu. Bamboyo anatuluka akutukwana, foni ili kukhutu.

Atabwerera mu ofesi, oweruza anatsegula kabati n'kutulutsa makalata asanu ndi awiri, onse opempha kuti awasamutsire kumapiri komweko, onse okanidwa. Kenako anaimbira foni akazi awo, amene ankaphunzitsa pasukulu ya kumeneko.

"Mayi, konzani mbali yanga ya bedi," anatero akumwetulira ngati mnyamata. "Andilanga."